Mbiri ya Mpeni ndi Citsulo Cace

Mwa zipangizo zonse za pa khomo palibe cina cimene anthu acigwira kawirikawiri koposa mpeni, ndiponso palibe cina cimene acigula mosasamala koposa mpeniwo. Mnyamata akatsiriza sukulu nayamba nchito m'Lusaka, pa malipiro ace oyamba agulapo mphika, mbale, bulangete ndi mpeni. Mphika augogoda kuti amve kulira kwace, bulangete alipapasa kuti adziwe kucindikala kwace, koma mpeni angoona kung'anima kwace basi, nalipira ndalama. Mwezi usanathe mpeni uja ukana kudula ngakhale matimati, kapena wabenthuka pa pfupa la nkhuku, kapena wafiira ndi dzimbiri, ndipo mwini wace adandaula kuti ambera.

Nthawi zina ambera ndithu. Koma kawirikawiri colakwa ciri pa kusadziwa kuti anthu afuna makhalidwe atatu pa mpeni, ndi kuti atatuwo samvana. Khalidwe loyamba ndilo kusunga kuthwa masiku ambiri osanola. Laciwiri ndilo kulimba, ndiko kuti mpeni usabenthuke kapena kuthyoka pogunda cinthu couma. Lacitatu ndilo kukana dzimbiri. Atatuwa ali ngati akazi a mitala: mwamuna akakondera mmodzi, awiri enawo adandaula. Mbiri ya mpeni ndiyo mbiri ya amisiri a mitundu yambiri amene anayesa kuweruza mlandu wa atatuwa, ndipo mbiriyo siiri ya ku Ulaya kokha ai. Mbali yace ina iri pansi pa nthaka ya Lusaka.

Ng'anjo za pa Kapwirimbwe

Anthu ambiri ayesa Lusaka mudzi wa dzulodzulo, popeza njanji inafika pamalopo mu 1905, ndipo Boma linasamutsirako likulu lace kucokera ku Livingstone mu 1935. Nyumba za ku Avondale ndi ku Chelstone, m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Chipata, ndi zatsopano koposa apo. Koma kumbali yomweyo ya kum'mawa kwa mzinda kuli malo ochedwa Kapwirimbwe, kumene David Phillipson, amene anali kuyang'anira nchito ya kusunga zinthu zakale za dziko la Zambia, anakumba pansi, nalengeza zimene anapeza mu 1968. Anafukula mapale a miphika, zidutswa za dothi lopsya, tizitsulo tosulidwa, ndi zinyalala zambirimbiri za mtundu umene utsala anthu akayenga citsulo. Akatswiri oyesa zaka za zinthu zakale anapeza kuti mudziwo unalipo pakati pa zaka za 400 ndi 500. Ndiko kunena kuti zaka zoposa 1,500 zapitazo utsi wa ng'anjo unali kukwera kumbali ija ya mzinda kumene lero kuwala magetsi. Ku Twickenham Road, m'Lusaka momwemo, kunapezekanso mudzi wina wa anthu odziwa citsulo, wa zaka mazana angapo pambuyo pa Kapwirimbwe.

Maina a amisiri amenewo anapita ndi mphepo. Koma kayengedwe ka citsulo ka masiku akale kangathe kudziwika poona anthu amene anasunga lusoli kufikira masiku a agogo a anthu a lero, makamaka Acewa a ku Kasungu.

Kwa Chulu, m'boma la Kasungu, amisiri anali kuumba ng'anjo ya dothi yaitali yoposa msinkhu wa munthu, ndi kulowetsa kunsi kwace mipope ya dothi yopitira mpweya. M'kati anali kusanjikizamo makala ndi miyala ya citsulo, nayatsa moto. Ng'anjo yotere sinafune mvukuto, pakuti utali wace unali kukoka mpweya wokha monga icita cumuni. Zotuluka m'menemo anali kuziyenganso m'kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mvukuto. Nchitoyi inali ndi miyambo yace yoopsya. Pansi pa ng'anjo anali kukwirirapo mankhwala, ndipo amuna oyenga anali kusala akazi ao kufikira citsulo citatuluka. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anasonkhanitsa nkhalamba za kwa Chulu ndi za kwa Aphoka a ku mapiri a Nyika, zimene zinaona nchitoyi pa ubwana wao, kuti ziyatsenso moto wa ng'anjo, ndipo David Killick anafufuza ng'anjo zakale za ku Kasungu. Zambiri zodziwika lero zinacokera kwa nkhalamba zimenezo.

Moto wa m'ng'anjo unali kufika ngati madigiri 1,200, koma citsulo ceniceni sicisungunuka kufikira madigiri 1,538. Cotero citsulo sicinali kutuluka ngati madzi. Cinali cibuluma ca mabowomabowo monga cisa ca njuci, cosanganikirana ndi zinyalala. Wosula anali kucitengera ku cipala, nacifiiritsa pa moto, nacisula ndi mwala waukulu ndi nyundo, kucipinda ndi kucisulanso, kufikira zinyalala zambiri zitafinyika.

Cinsinsi ca mpeni ciri m'makala aja. M'makala muli cinthu cimene ophunzira acicha kaboni, ndipo citsulo cikakhala m'moto wa makala cimwa kaboniyo monga ndiwo zimwa mcere. Citsulo copanda kaboni ciri cofewa. Cipindika koma sicithyoka. Cikamwa magawo 5 kufikira 10 pa magawo 1,000 cisanduka cimene Angerezi acicha steel, ndico citsulo ca mipeni. Cikapitirira magawo 20 pa 1,000 cikhala ngati ca mphika wa miyendo itatu, umene ukagwa pa thanthwe usweka ngati mbiya. Cibuluma ca m'ng'anjo sicinali kumwa kaboni molingana: mbali ina inali yofewa, ina youma, ndipo wosula waluso anali kuzindikira kusiyanaku pakumva kukana kwa citsulo pansi pa nyundo yace.

Makasu a Amaravi

Citsulo ca maiko ano sicinali conyozeka. Amaravi anachuka naco kwambiri, kotero kuti ena amati dzina lao licokera ku malawi a ng'anjo zowala usiku, ngakhale ena ati licokera ku kunyezimira kwa dzuwa pa nyanja. Makasu ao anali kuyenda ngati ndalama. Anthu anali kulipira nao mirandu, nagula nao mcere ndi nsalu, ndipo amalonda anali kuwasenza kufikira ku Tete ndi ku midzi ina ya Apwitikizi ya pa Zambezi. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene anapita pakati pa Amaravi ndi Acewa pa ulendo wocokera ku Tete kunka kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, analemba za kuyenga ndi kusula kwao. David Livingstone, pofika kwa Amang'anja a ku mapiri a Shire mu 1859, anapeza midzi yambiri iri ndi ng'anjo zace, ochera makala ace ndi osula ace, amene anali kupanga nkhwangwa, mikondo, mibvi, masingano ndi zigwinjiri.

Umboni woposa unacokera kwa Angerezi eni ace. Pobwerera kwao mu 1856 Livingstone anatenga makasu ena amene anampatsa Sekeletu, mfumu ya Amakololo, ndi ena amene anawapeza ku Quelimane. Bwenzi lace la ku Birmingham linasula mfuti ndi makasuwo, ndipo mmisiri wina wa mfuti amene anayesa citsuloco ananena kuti cifanana ndi ca ku Sweden kapena ca ku Russia, kuti ciri ndi kaboni wambiri, ndi kuti pocibviika m'madzi ciuma monga steel. Masiku amenewo citsulo ca ku Sweden ndico cinali kulemekezeka koposa ku Ulaya.

Nanga mpeni wa makolo unali wotani pa makhalidwe atatu aja? Osula a maiko ano kawirikawiri sanali kubviika citsulo camoto m'madzi kuti ciume. Anali kuumitsa kukamwa kwa mpeni pakukusula ndi nyundo. Mpeni wotere unali kubuntha msanga, koma unali kunoleka msanganso pa mwala uli wonse wa kumtsinje. Ukapindika anali kuuwongola. Ukatha anali kuubwezera ku cipala, nusanduka mubvi kapena singano. Dzimbiri unali kucita, koma mpeni wogwira nchito tsiku ndi tsiku ulibe nthawi ya kucita dzimbiri. Motero pa mlandu wa atatu aja makolo anaweruza mokomera kulimba, ndipo anaweruza bwino, pakuti mlenje amene mkondo wace wathyoka pamaso pa njati sakhala ndi nthawi ya kuyamikira kuthwa kwace.

Njira ya Moto ndi Madzi

Amisiri a ku Ulaya, a ku India ndi a ku Japan anatsata njira ina. Anaona kuti steel akacifiiritsa kufikira ngati madigiri 800, nacibviika mwadzidzidzi m'madzi kapena m'mafuta, ciuma gwa, kotero kuti cidula citsulo cinzace. Koma cikagwa pansi cisweka ngati galasi. Cifukwa cace anali kucifunditsanso pa moto wocepa, ngati madigiri 200, kufikira maonekedwe ace akunga udzu wouma. Pamenepo citaya kuuma pang'ono, nicipeza kulimba m'malo mwace. Apa mkangano wa khalidwe loyamba ndi laciwiri uoneka poyera: cimene mmisiri aonjeza pa kuuma acotsa pa kulimba. Munthu ali yense angathe kudzionera yekha. Tupa liri louma kwambiri, lipala zitsulo zina, koma akalimenya ndi nyundo liduka pakati. Sipuling'i ya galimoto ipindika ndi kubwerera zaka zambiri pa mseu wa mabampu osathyoka, koma tupa liidya.

Mudzi umene unachuka koposa ndi mipeni ndiwo Sheffield, ku England. Kumeneko, ca m'ma 1740, Benjamin Huntsman, mmisiri wa mawochi amene sanakondwe ndi zitsulo za masiku ace, anapeza njira ya kusungunula steel m'mbiya za dothi zotsekera, kotero kuti kaboni anafalikira molingana ndipo zinyalala zinayandama pamwamba. Poyamba osula mipeni a ku Sheffield anacikana citsuloco, nati cibvuta kusula, ndipo Huntsman anali kucigulitsa ku France, kufikira mipeni ya Afalansa inayamba kuposa yao. Mu 1856 Henry Bessemer anapeza njira ya kupanga steel yambiri nthawi imodzi pakupemerera mpweya m'citsulo cosungunuka, ndipo mtengo wa citsulo unagwa pa dziko lonse lapansi. Caka cimene makasu a ku Zambezi anali pa ulendo wa kukalandira ulemu ku Birmingham ndico caka comwe imfa ya ng'anjo za kwao inakonzedwa.

Kuzima kwa Ng'anjo

Kampani ya African Lakes, imene anthu anaicha Mandala, inayamba mu 1878, ndipo pambuyo pace masitolo a Azungu ndi a Amwenye anafalikira m'maboma onse. Njanji inabweretsa makasu, nkhwangwa ndi mipeni m'mabokosi. Ng'anjo imodzi inafuna amuna ambiri, mitengo yambiri ya makala ndi masabata a nchito, koma khasu la m'sitolo linafuna tindalama pang'ono. Ndiponso anyamata amene akadaphunzira lusoli anali atapita ku migodi ndi ku mapulazi kukafuna ndalama za msonkho. Pofika ca m'ma 1930 ng'anjo za ku Kasungu zinali zitazima. Zina ziimirirabe m'chire la Kasungu National Park, zopanda utsi, ngati manda a nchito yakufa.

Koma cipala sicinafe. Osula analeka kukumba miyala, nayamba kutola zitsulo zakutha za Azungu. Kufikira lero wosula wa kumudzi kapena wa m'komboni afunafuna sipuling'i ya galimoto kuti asule nkhwangwa ndi cikwanje, ndi tupa lakutha kuti asule mpeni wosemera. Posankha motero aonetsa kuti adziwa mlandu wa kuuma ndi kulimba, ngakhale sanauwerenge m'buku.

Mwa mipeni yocokera kunja, umene unalowa m'matumba a anthu ambiri ndiwo Okapi, mpeni wopinda wa cigumbu ca mtengo. Unayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, ndipo anaupangira dala anthu a m'Afrika. Mu 1988 nchito yace inasamukira ku South Africa. Citsulo cace cacizolowezi ciri ndi kaboni magawo 5 kapena 6 pa 1,000. Sicisunga kuthwa nthawi yaitali, cicita dzimbiri cikagona ndi madzi, koma cinoleka pa mwala wamba ndipo sicithyoka wamba. Ndiwo makhalidwe omwe aja a mpeni wa makolo, ndipo kapena ndico cifukwa cace anthu anaulandira ngati mbale wao.

Mpeni Wokana Dzimbiri

Kufikira caka ca 1913 mpeni uli wonse wa citsulo pa dziko lapansi unali kucita dzimbiri, ndipo m'nyumba za olemera munali anchito amene nchito yao ya tsiku ndi tsiku inali kukweca mipeni ya pa gome. Amene anasintha zimenezi ndiye Harry Brearley wa ku Sheffield, mwana wa munthu wosauka wogwira nchito ya zitsulo. Brearley anabadwa mu 1871, naleka sukulu ali ndi zaka 12, nayamba nchito ya kutsuka mabotolo m'cipinda coyeseramo zitsulo. Anaphunzira yekha madzulo ataweruka, kufikira anakhala mkulu wa cipinda cotero. Pofunafuna citsulo ca mipope ya mfuti cimene sicikadaperepeseka msanga ndi moto wa wonga, anayesa kusanganiza steel ndi citsulo cina cochedwa chromium. Pa 13 August 1913 anasungunula citsulo ca chromium magawo 128 pa 1,000, ndi kaboni wosafika magawo 3 pa 1,000, ndipo anaona kuti mankhwala owawasa amene adya zitsulo zina sacidya. Pothandizana ndi Ernest Stuart, wa kampani ya mipeni ya R. F. Mosley, anapanga mipeni imene viniga sanaidetse. Amisiri ena ku Germany ndi ku America anapeza zitsulo zofanana nazo pa nyengo yomweyo.

Nchito ya chromium iri yotere. Akakomana ndi mpweya apanga kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso pamwamba pa citsulo, ndipo kakhunguko katsekereza madzi. Kakakandika kameranso kokha monga khungu la munthu. Kuti kakhunguko kakhalepo pafunika chromium wosacepera magawo 105 pa 1,000. Mbali yaikulu ya chromium wa masiku amenewo inali kucokera ku Southern Rhodesia, ndilo Zimbabwe, makamaka ku Selukwe, kumene lero kuchedwa Shurugwi. Ndipo m'migodi ya dziko limenelo munali amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson. Zidzukulu za oyenga citsulo zinakhala zokumbira miyala ng'anjo za eni.

Koma mkazi wacitatu atakondedwa, awiri aja anadandaula. Anthu a ku Sheffield anayamba kumseka Brearley kuti wapanga mpeni wosadula. Cifukwa cace ndi ici: chromium akonda kugwirana ndi kaboni, ndipo akagwirana apanga timiyala ting'onoting'ono touma kwambiri m'kati mwa citsulo. Timiyalato tithandiza kusunga kuthwa, koma tikakula tikhala ngati miyala m'njerwa, imene iyambitsa ming'alu. Ndiponso chromium amene wagwirana ndi kaboni sapanganso kakhungu kaja. Motero mmisiri akacepetsa kaboni, mpeni ukana dzimbiri koma ubuntha; akacurukitsa kaboni, mpeni usunga kuthwa koma ubenthuka, ndipo dzimbiri liyamba kupeza polowera.

Kulinganiza Zitsulo za Lero

Masiku ano zitsulo za mipeni zidziwika ndi manambala, ndipo kuuma kwace kuyesedwa ndi makina amene anapangidwa ku America ndi Hugh Rockwell ndi Stanley Rockwell, nalembetsedwa ku Boma mu 1919. Makinawo akanikiza kansonga ka daimondi pa citsulo naonetsa nambala. Cikwanje cikhala ca pakati pa 50 ndi 55, mpeni wamba wa m'khichini pakati pa 55 ndi 58, ndipo mpeni wosunga kuthwa masiku ambiri ufika 60 kapena kupitirira.

Citsulo ca 5160 ndico ca masipuling'i ambiri a galimoto. Ciri ndi kaboni magawo 6 pa 1,000 ndi chromium pang'ono cabe. Pa kulimba ciposa zinzace zambiri zimene zichulidwa pano, pa kusunga kuthwa ciri pambuyo, dzimbiri cicita. Ndico citsulo ca nkhwangwa ndi cikwanje.

Citsulo ca 1095 ciri ndi kaboni magawo 9 kapena 10 pa 1,000, copanda chromium. Cithwa ngati lumo ndipo cinoleka mosabvuta, koma sicilimba monga 5160, ndipo cikagona usiku umodzi ndi madzi a mandimu cidzuka citadetsedwa. Ndico citsulo ca wosema ndi wosenda zikopa.

Citsulo ca 420 ndico mdzukulu wa citsulo ca Brearley, ca chromium ngati magawo 130 pa 1,000 ndi kaboni wocepa. Cikana dzimbiri bwino, sicibenthuka wamba, koma cibuntha msanga. Mipeni yambiri yotsika mtengo ya m'masitolo iri ya mtundu umenewu kapena wofanana nao. Citsulo ca 440C ciri ndi kaboni magawo 10 ndi chromium magawo 170 pa 1,000. Cisunga kuthwa koposa 420, cikana dzimbiri, koma cibvuta kunola ndipo cibenthuka pa pfupa. Citsulo ca D2, ca kaboni magawo 15 ndi chromium magawo 120, cisunga kuthwa koposa zonsezi. Koma popeza chromium wace wambiri wagwirana ndi kaboni, dzimbiri licipeza ndithu, ndipo kulimba kwace kuli kocepa.

Palinso citsulo ca masupuni ndi mapoto, ca chromium magawo 180 ndi nickel magawo 80 pa 1,000. Cimeneci cikana dzimbiri koposa, koma ngakhale acibviike m'madzi kangati sicidzauma. Cotero mau akuti stainless olembedwa pa mpeni anena za dzimbiri lokha. Sanena kanthu za kuthwa.

Amisiri sanaleke kufunafuna njira ya kuyanjanitsa atatu aja. Mu 1970 kampani ya Crucible ya ku America inayamba kupopera citsulo cosungunuka kuti cisanduke ufa, ndi kukanikiza ufawo pa moto kuti ugwirane. Potero timiyala tija tikhala tating'ono kwambiri. Anaonanso kuti citsulo cochedwa vanadium cipanga timiyala touma koposa ta chromium. Vanadium ameneyo si mlendo m'Zambia: mgodi wa Broken Hill, ndiwo Kabwe, umene unapezeka mu 1902 nutsekedwa mu 1994, unali kumtulutsa pamodzi ndi mtobvu ndi zinc. Mu 2021 kunatuluka citsulo cochedwa MagnaCut, cimene anacilinganiza Larrin Thomas. Iye anacepetsa chromium kufikira magawo 107 pa 1,000, naonjeza vanadium ndi niobium kuti kaboni agwirane ndi iwowo, nasiye chromium pa nchito yace ya kuletsa dzimbiri. Citsuloci ciyandikira kukondweretsa onse atatu koposa zakale. Komabe pa kulimba siciposa sipuling'i ya galimoto, mwala wa kumtsinje ubvutika kucinola, ndipo mtengo wace ndi wa anthu olemera. Mlandu uja wacepa, koma sunathe.

Kusankha Mpeni

Akulu anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Munthu wofuna makhalidwe onse atatu pa mpeni umodzi wa mtengo wocepa adzagwa monga pusiyo. Wanzeru ayamba wafunsa nchito imene mpeni udzagwira. Mai wa ku Avondale wodula matimati, anyezi ndi nsomba zamcere, amene mpeni wace ukhala m'madzi katatu pa tsiku, ayenera mpeni wokana dzimbiri, ndi kaciwiri mwala wonolera. Wogulitsa nyama pa msika wa Soweto ayenera mipeni iwiri, wopyapyala wouma wa mnofu ndi wocindikala wolimba wa mafupa. Mlimi wa ku Chongwe wodula mitengo ndi mapesi ayenera citsulo ca sipuling'i. Ndipo popeza Lusaka ali kutali ndi nyanja yamcere, citsulo copanda chromium cikhala zaka zambiri ngati mwini acipukuta atatha nchito, nacidzoza mafuta pang'ono m'nyengo ya dzinja.

Dzina la citsulo silokwanira pa lokha. Citsulo cabwino cimene anaciumitsa molakwa ciposedwa ndi citsulo wamba cimene mmisiri anacisamala pa moto. Ndipo mpeni wopyapyala kukamwa udula bwino koposa wocindikala, ngakhale wocindikalawo ukhale wa mtengo wapatali. Kung'anima kwa pa sitolo ndiko cikomekome ca mkuyu.

Anyamata ndi asungwana otuluka sukulu amva kawirikawiri kuti nzeru ya citsulo inadza ndi sitima. Zinyalala za ng'anjo za pa Kapwirimbwe ndi makasu amene anasanduka mfuti ku Birmingham zitsutsa mau amenewo. Cimene cinadza ndi sitima ndico citsulo cotsika mtengo ndi manambala olemba. Kudziwa kuti citsulo ciri conse cipatsa cina nicimana cina, osula a maiko ano anali nako kale, ndipo nkhalamba zowerengeka za pa cipala ziri nako lero lomwe. Wophunzira amene adzakhala pansi pafupi ndi nkhalamba yotere, nafunsa mwaulemu cifukwa cace isankha sipuling'i iyi ndi kukana iyo, adzamva zinthu zimene sizinalembedwe m'buku liri lonse. Ndipo akazilemba iye, sizidzazima monga zinazima ng'anjo za ku Kasungu.